Bambo Dyton Maganizo ndi Funde Loswa Miyala

Malemu athu, Bambo Dyton Maganizo, anabadwa pa 14 Juni 1967 konkuno ku Liwaladzi, m'nyumba yaudzu imene inali pamalo pomwe amayi a Chigwirizano akhalapo. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu a malemu Bambo Yesaya Maganizo, msodzi wa ukonde wa chilimira, ndi malemu Mayi Esinati Nabanda, mlimi wa chinangwa ndi mpunga. A mfumu, abusa, akulu a mpingo, abale athu achisilamu ochokera kuboma, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhuza, banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya bambo agona patsogolo pathuwa. Ndipempha mundimvere moleza mtima, pakuti ndi yotalikirapo.

Anayamba sukulu mu 1974 papulayimale ya konkuno. Anali a mutu wogwira, ndipo iwo eni ankadziwa zimenezo. Alongo awo, Mayi Zelifa, akukumbukira kuti malemu ali Sitandade 4 anakhalapo achiwiri kamodzi, atapambanidwa ndi mwana wa mphunzitsi. Tsiku limenelo anakana chakudya, anakabisala pansi pa bwato lovundikira la bambo awo, ndipo anatuluka atamva kuti akufunidwa ndi chikwapu. Makolo anaseka, n'kumati ndi chibwana, chidzatha akadzakula.

Mu 1979 munachitika chinthu chimene chinalondolera moyo wawo wonse. Masiku amenewo kunali anthu ena aulesi amene ankapeza wonga wophulitsira miyala, kaya ankautenga kuti, n'kumauponya m'nyanja kuti aphe nsomba osaponya ukonde. Tsiku lina anauponya kugombe lakumpoto, kufupi ndi thanthwe lija lopindika ngati lichero loimika. Akulu awo a malemu, Bambo Frazer, amene akhala apowa, anali m'madzi patsogolo pa thanthwelo akuwonjola ukonde umene unakodwa, patali ndithu ndi pamene wongawo unagwera. Ena amene ankasamba chapafupi anatuluka m'madzi ali bwinobwino, atangodzidzimuka basi. Koma a Frazer anachita kuwavuula, magazi akutuluka m'khutu, ndipo khutu lawo lamanzere silinamvenso kufikira lero. Nsomba nazo zinayandama zochuluka pamalo omwewo pamene iwo anali.

Mudzi unati ndi zamatsenga, pakuti moto sungalumphe woyandikira n'kukawotcha wakutali. Malemu, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri zokha, anakana. Akaweruka kusukulu ankapita pathanthwepo n'kumaponya miyala m'madzi, akuyang'ana mmene timafunde tikukagundira thanthwe n'kubwerera. Anaona kuti pobwerera timafundeto sitimwazikana, koma timakakumana malo amodzimodzi nthawi zonse. Anauza bambo awo kuti palibe amene analodza a Frazer, koma thanthwe lopindikalo linasonkhanitsa mphamvu yonse ya kuphulika kuja n'kuiunjika pakhutu pawo, monga galasi limasonkhanitsira dzuwa mpaka udzu kuyaka. Bambo awo anawayankha kuti akasoke ukonde. Koma nkhaniyi malemu anaisunga, ndipo ankaitenga kuti ndi yawoyawo.

Mu 1982 anasankhidwa kupita kusekondale, ndipo mu 1986 anapita kusukulu ya ukachenjede ku Blantyre kukaphunzira za magetsi, munthu woyamba m'mudzi muno kufika kumeneko. Uko ndi kumene anakumana ndi Mayi Benedicta Chirwa a ku Dwambazi, mmodzi mwa atsikana awiri okha m'kalasi mwawo. Anyamata ena pofunsira ankagula zakumwa ndi kutengera atsikana kudansi. Malemu anafunsira ndi nkhani ya thanthwe, akujambula pansi ndi kamtengo. Mayi Benedicta anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anawafunsa funso limene iwo anali asanaliganizepo: ngati thanthwe likhoza kuunjika mphamvu mwangozi n'kuboola khutu, kodi munthu sangaiunjike mwadala pa chinthu chimene akufuna kuswa? Atafufuza m'mabuku anapeza kuti kumaiko ena madokotala anali atayamba kale kuswa miyala ya mu impso mwa njira yomweyo, osang'amba wodwala.

Kwa amene simukudziwa, zimayenda motere, monga malemu ankatifotokozera ife osapita patali ndi sukulu. Amatenga mbale yamkuwa yooneka ngati theka la dzira, n'kuidzaza madzi. Mkati mwake muli timawaya tiwiri toyang'anizana. Magetsi akalumpha pakati pa timawayato, madzi amagunda mwamphamvu ngati kabomba kakang'ono. Funde la kugundako limakamenya m'mbali mwa mbale n'kubwerera, lonse n'kukakumana pamalo amodzi ochepa ngati njere ya mpunga, kunja kwa mbaleyo. Podutsa pakhungu ndi mumnofu limakhala lomwazikana, ndiye silipweteka kwenikweni. Koma pamene lakumanapo mphamvu yake imaposa ya nyundo, ndipo mwala umene uli pamenepo umasanduka mchenga.

Anamaliza maphunziro mu 1991, onse awiri atakhoza bwino, malemu ali patsogolo pang'ono. Chaka chomwecho analembedwa ntchito ya za magetsi kufakitale ya shuga ku Dwangwa, ndipo Mayi Benedicta anayamba kuphunzitsa sayansi pasekondale ina chakomweko. Ukwati wawo unadalitsidwa m'tchalitchi chathu chino pa 8 Ogasiti 1992. Mulungu anawapatsa ana aakazi awiri, Tione mu 1993 ndi Maness mu 1996. Ife amene tinkawayendera zaka zimenezo tikuchitira umboni kuti m'nyumba muja munali chimwemwe. Chakudya chinkazizira patebulo awiriwo akukangana za masamu, mlendo iwe uli kukamwa yasa, osadziwa ngati usambe m'manja kapena udikire kaye kuti wina agonje.

Tafika tsopano pamene mbiri zambiri za pamaliro zimalumpha. Banja linakhala pansi dzulo, pamodzi ndi mayi wamasiye ndi ana, ndipo tagwirizana kuti ife tisalumphe. Ambiri mwa inu munaona ndi maso, ndipo chobisidwa pamaliro chimakakulira kumsika.

Mu 1999 kunabwera mwayi wa maphunziro apamwamba ku Japan, wa munthu mmodzi yekha wofuna kufufuza za mafunde amphamvu a m'madzi. Malemu analembera. Anaumirizanso akazi awo kuti alembere, n'kumati mbedza ziwiri zimaposa imodzi, ngakhale mumtima anali otsimikiza kuti nsomba idya yawo. Yankho litabwera, osankhidwa anali Mayi Benedicta. Iwo anati sapita, ana ndi aang'ono. Malemu anawakakamiza pamaso pa makolo a mbali zonse ziwiri kuti apite, ndipo anawaperekeza okha kubwalo la ndege. Pobwerera anaimika galimoto pa Salima, n'kungokhala m'menemo, ana akuwayang'ana. Tione akuti kuyambira tsiku limenelo bambo awo anasiya kuseka koonetsa mano.

Pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri analera ana okha, ndipo anawalera bwino. Ankawasambitsa, ankawachapira, anaphunzira ngakhale kuluka tsitsi. Koma pabawo ku Dwangwa anzawo sanawasiye. Ankawatcha amake Tione, n'kumawafunsa ngati atsuka kale mbale asanabwere kudzasewera. Ena ankati mkazi wopita kutsidya kwa nyanja sabwera yekha. Malemu ankangodya nkhomo za anzawo mwaukali mpaka bawo kuuma. Chimene chinkawalasa kwenikweni sanali mawu a pabawo, koma zithunzi zimene akazi awo ankatumiza mokondwa, ataimirira pambali pa thanki lalikulu lagalasi, atavala choyera, akuona ndi maso funde limene iwo ankangoliganizira pathanthwe. Chithunzi chikafika ankachiyang'ana kamodzi kokha n'kupatsa ana.

Mu 2002 anaganiza zodzipangira okha makinawo kuseri kwa nyumba. Anapeza mgolo, anakasulitsa mbale yamkuwa kwa okhoma zidebe kumsika, n'kutola zipangizo zamagetsi zotha ntchito. Loweruka lililonse kuseri kuja kunkamveka kugunda, mababu a oyandikana nawo n'kumaphethira, mpaka mayi wina anakadandaula kuti nkhuku zake zasiya kuikira. Magetsi anawagwetsapo pansi, chala chakumanja n'kupsa, koma sanasiye. Mu 2004 zinatheka. Anaika kachidutswa ka njerwa m'kajumbo kamadzi, n'kukapachika pamene funde limakumanapo. Njerwa inanyenyeka, jumbo osabooka. Anathamanga kukaimba foni ku Japan manja akadali onyowa. Mayi Benedicta anafuula ndi chimwemwe. Anati zimenezo iwo anazichita chaka choyamba ndi zipangizo zamtengo wapatali, ndipo munthu wozichita ndi mgolo ndi wofunika kumuvulira chipewa. Malemu anamva theka loyamba lokha la mawuwo. Mawa lake anataya madzi, mbale anaiponya padenga la khitchini, mgolo n'kupatsa mayi wina wophika thobwa.

Mayi Benedicta anabwerako mu 2006 ali Dokotala wa za sayansi, ndipo anayamba kuphunzitsa kusukulu ya ukachenjede komwe anaphunzira kuja. Mudzi uno unapha mbuzi. Wogula mbuzizo anali malemu, ndipo amene sanadyeko analinso malemu omwewo. Kuyambira pamenepo dzina la Maganizo, dzina la bambo awo owabala, linayamba kumveka pawailesi ndi m'nyuzipepala, koma osati chifukwa cha iwo. Alendo akaodira pakhomo n'kufunsa ngati a Dokotala Maganizo alipo, iwo ankayankha ali chiimire: “Maganizo ndine. Dokotala ndi enawo, ali m'katimo.”

Ngakhale kwa ana awo omwe mtima umenewu unkaonekera. Maness ali kusekondale anauzidwa kulemba za munthu amene amamusirira, ndipo analemba za amayi ake. Masamu onse amene ankakhoza anawaphunzira pamwendo pa bambo ake, tsitsi lake analiluka ndi bambo ake, koma pepala lonse linadzaza ndi amayi ake. Anapeza nalo mphoto, n'kubwera nalo kunyumba akudumphadumpha. Malemu anawerenga mpaka pansi, anakonza mawu awiri olakwika, anamuuza kuti walemba bwino, kenaka anatenga njinga n'kupita kufakitale, ngakhale tsikulo linali lawo lopuma.

Mu 2009 Mayi Benedicta anayamba kugwira ntchito ndi Dokotala Ismail Rashidi, dokotala wa maopaleshoni, mwana wa kuboma kwathu kuno, amene ali nafe pano ndi akazi awo, Mayi Sabrina. A Rashidi anali atatopa ndi kung'amba anthu a m'mbali mwa nyanja chifukwa cha timiyala tochepa ngati nyemba. Awiriwa anafuna kupanga makina osavuta, oti akawonongeka azikonzedwa ndi manja a anthu akuno. Malemu sanaone nazo tulo. Ankangotulukira kumalo awo antchito osanena, ulendo wonse wochokera ku Dwangwa, ati akawapezerere. Chimene ankapeza ndi anthu awiri atazungulira mbale yamkuwa akutsutsana, Mayi Sabrina ali pambali akuwathirira tiyi. Anauza akulu awo a Frazer kuti chikanakhala chibwenzi bwenzi kuli bwino, pakuti nkhani ya chibwenzi ili ndi ankhoswe okaitulako. Nanga munthu ukadandaula kwa yani kuti mkazi wako akukangana za masamu ndi mwamuna wina?

Sikuti anawatsekera kunja ayi. Akazi awo anawapempha kangapo kuti adzagwire mbali ya magetsi, imene ankaidziwa bwino. A Rashidi anabwera okha ku Dwangwa atanyamula thumba la mpunga, kudzawapempha ngati mnansi. Malemu anawaphera nkhuku, anacheza nawo za mpira ndi za mvula, ndipo powaperekeza anawauza kuti iwo si munthu wonyamulira anzake zikwama. M'nyumba sanakwezepo dzanja pa akazi awo, mowa sankamwa, kunja sankayendayenda. Chikwapu chawo chinali kukhala chete. Mayi Benedicta ankabwera kuchokera ku Blantyre Lachisanu, n'kubwerera Lamlungu atangomva moni wokha. Anthu ambiri anawalangiza mayiwa kuti banja loterolo ndi losiya. Iwo ankayankha kuti munthu amene anawafunsira ndi thanthwe uja akadali momwemo, akungofunika kumudikira.

Pa 22 Okutobala 2016 makinawo anatsegulidwa pachipatala china cha mishoni m'boma lathu lino. Polankhula, Mayi Benedicta anafotokoza za thanthwe la ku Liwaladzi ndi khutu la a Frazer, natchula dzina lonse la amuna awo, kuti ganizo loyamba linali lawo, n'kuwapempha kuti aimirire. Anaimirira, nkhope itawala monga tinali tisanaionere kwa zaka zambiri. Apo woyendetsa mwambo, pofuna kukometsa, anati anthu awaombere m'manja abambo amene ankasamala ana kuti a Dokotala aphunzire. Anthu anaomba, ena akuseka. Malemu anakhala pansi pang'onopang'ono, ndipo chakudya chisanafike anali atakwera kale minibasi.

Anapuma pantchito mu 2018 n'kubwerera kumudzi kuno, kumene anamanga nyumba mukuionayi ndi kugula boti la injini. Tisaiwale zabwino zimene anachita. Magetsi a m'tchalitchi chathu analumikiza ndi iwo, osalandira kanthu. Ana a Fomu 4 ankawaphunzitsa masamu pakhonde pawo, ndipo ena mwa anawo lero ndi aphunzitsi ndi anamwino. Asodzi ena atafuna kuyambiranso kuphulitsa nsomba, wowaletsa anali iwo, atatengera a Frazer kumsonkhano kuti anthu aone okha. Koma odwala akamatsika minibasi akuyamika makina a Dokotala Maganizo, kuti analowa akubuula n'kutuluka akuyenda okha, malemu ankadzuka n'kulowera kunyanja.

Matenda anayamba mu Meyi 2021. Anamva kupweteka m'chiuno chakumsana, kenaka mkodzo unayamba kutuluka ndi magazi. Atawajambula anapeza miyala mu impso zonse ziwiri. A Rashidi anawauza kuti ndi nkhani yaing'ono, agone pamakina kanthawi kochepa, sabata yomweyo abwerera kuboti lawo. Malemu anakana. Anati sangagone chagada pa chinthu cha anthu awiri aja, dziko lonse n'kumati ngakhale mwini wake anapulumukira momwemo. Anamwa mizu ya kwa asing'anga a ku Kanyenda, anamwa mandimu mpaka mano kuyayamira, anakapempha ku Lilongwe kuti angowang'amba ndi mpeni. Kumeneko anawauza kuti palibe chifukwa chong'ambira munthu pamene makina ali kwawo komwe. Akazi awo anawagwadira, ana analira, abusa anabwera kudzawadandaulira. Ululu ukawagwira ankaluma pilo kuti a m'nyumba asamve.

Apa ndipempha mutchere khutu, makamaka ife akuchimuna. Kuyambira Lachiwiri kwakhala kukuyenda manong'onong'o, pachitsime ndi pansi pa matenti omwe ano. Ena akuti alamu athu ankachiritsa alendo n'kusiya amuna awo akuvunda m'nyumba. Ena akuti makina awo ndi amene anapsereza impso za m'bale wathu. Ambiri onena zimenezi ndi omwe aja sanakondwere kuona mwana wamkazi wa ku Dwambazi akukwera ndege. Banja likuti bodza limeneli lithere pano, lisafike kumanda. Pafupifupi zaka ziwiri mankhwala anali pakhomo, ndipo wowakana anali m'bale wathu.

Mu Febuluwale 2023 anakomoka ali m'boti, asodzi anzawo n'kuwanyamula. Mwala unali utatseka njira ya mkodzo, ndipo mafinya anali atalowa mu impso. A Rashidi anawaika kapaipi, nalimbana ndi kutentha kwa thupi mpaka kunatsika. Atatsitsimuka, akazi awo anawauza kuti ngati chowavuta ndi nkhope yawo, iwo atuluka panja, ngakhale kuchoka m'boma muno tsiku limenelo, makinawo ayang'anire ena. Malemu anayang'ana kudenga. Kenaka anati asachoke, ngati n'kuswedwa aswedwe iwo akuona.

Anawagoneka, kapilo kamadzi katakhudza msana, makina n'kuyamba kugunda ngati mmisiri akukhoma msomali patali. Anamwino akuti poyamba anatsinzina, nkhope itauma. Patapita kanthawi anatsegula maso n'kufunsa akazi awo kuti anachita bwanji kuti nsonga za timawaya zisamadyeke msanga, pakuti chimenecho ndi chimene chinkawasautsa pamgolo paja. Mayi Benedicta anakoka mpando n'kuyamba kufotokoza. Malemu anatsutsa, iwo anayankha, malemu anatsutsanso, mpaka a Rashidi anachita kupempha kuti wodwala asamagwedezeke, funde likuphonya mwala. Masiku otsatira miyala inatuluka ili mchenga. Atawaonetsa m'kabotolo, anaupenda padzuwa, nati: “Amake Tione, chinthu mwapangachi ndi chabwino. Chikundiwawa n'chakuti ndi chabwinodi.”

Miyala inatha, koma impso zinali zitawonongeka kale. Kuyambira chaka chomwecho moyo wawo unadalira makina osefa magazi ku Lilongwe, ndipo Mayi Benedicta anasiya kuphunzitsa kuti aziwaperekeza. Masiku amene anali ndi timphamvu anayamba kulowa m'chipinda cha makina oswa miyala aja, ndipo anathandiza kukonza kuti asamapse magetsi akathima n'kuyakanso mwadzidzidzi. Musaganize kuti nsanje inatha. Dzina lawo litaikidwa pachikwangwani cha chipindacho, anadandaula kuti analilemba ndi zilembo zazing'ono. Ophunzira akabwera kudzaona aphunzitsi awo, iwo ankatsokomola kuchipinda mpaka alendowo atsanzike. A Rashidi akabwera kudzawazonda, ankawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti munthu wamkulu kwa iwo akuyenderanji mwamphamvu chonchi. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ankazinena pakamwa, ndipo nthawi zina ankadziseka okha.

Kumayambiriro kwa mwezi uno thupi linakana, ndipo anapempha kuti maulendo a ku Lilongwe athe, akhale kwawo. Lamlungu lapitali, pa 10 Ogasiti, titaweruka kutchalitchi, tinasonkhana m'chipinda chawo, akazi awo, ana, a Frazer, Mayi Zelifa, a Rashidi ndi Mayi Sabrina. Abusa asanapemphere anawafunsa ngati ali ndi kanthu mumtima ndi munthu aliyense. Tonse tinayang'ana pansi, pakuti tinkadziwa kuti akayamba kutchula mayina dzuwa likhoza kupendeka. Malemu anatiyang'ana mmodzimmodzi, dzanja lawo lili m'dzanja la akazi awo, ndipo anati:

“Ndili nako, abusa, ndipo aka sindilapa. Ndikuchita nsanje ndi nonsenu. Mawa ndi mkuja mudzakhala mukuwamva mayi awa akulankhula, ine kulibe.”

Abusa anayamba atseka kaye buku lawo. Mayi Benedicta anawerama n'kuika chipumi chawo padzanja lija. Malemu anatisiya m'mawa wa Lachiwiri, pa 12 Ogasiti 2025, ali ndi zaka 58.

Asiya akazi awo, Dokotala Benedicta Maganizo. Banja lagwirizana kuti nyumba ino, munda ndi boti ndi zawo pamodzi ndi ana, ndipo palibe wakuchimuna amene akhudze ngakhale supuni. Asiyanso ana awiri, Mayi Tione amene ali pabanja ku Kasungu, ndi Maness amene akugwira ntchito ku Blantyre, zidzukulu zitatu, akulu awo Bambo Frazer, ndi alongo awo Mayi Zelifa. Abale awo ena awiri anatsogola kale.

Tikuthokoza a mfumu potipatsa malo kumanda, ndi adzukulu amene akumba kuyambira m'bandakucha. Tikuthokoza abusa, akulu a mpingo, a kwaya ndi amayi a Chigwirizano amene atigonera pano. Asodzi amene munawanyamula tsiku lija, ndiponso mwabweretsa ndiwo za anthu onsewa, Mulungu abweze m'maukonde anu. Anamwino a kuno ndi a ku Lilongwe, anzawo akale a ku Dwangwa amene mwathandiza bokosi ndi galimoto, zikomo kwambiri. Akuchikazi a ku Dwambazi, mwana wanu anapirira zambiri m'banja lathu ndipo simunabwere kudzamutenga, tikugwadirani. A Rashidi ndi Mayi Sabrina, munaganiziridwa zoipa musanalakwe, koma simunasiye kuponda pakhomo pano mpaka tsiku lomaliza. Sitikudziwa kuti tikuthokozeni ndi mawu otani.

Mulungu, amene amadziwa mitima kuposa mmene ife timaidziwira, awalandire Bambo Dyton Maganizo, ndipo mzimu wawo ukapeze mpumulo ndi mtendere. Zikomo nonse.